Makoswe Oyera ndi Dzanja la Amayi

Ku Joni ndinapita chifukwa tiyi anali atandikana. Ndinabadwira m'malayini a pa esiteti, kufupi ndi Limbuli, ndipo ndinkayesa kuti ndidzakalambira momwemo ngati bambo anga, amene anadulira tiyi mpaka tsiku limene anagona osadzukanso. Koma pofika nthawi yathu zinthu zinali zitatembenuka. Matipate anabwera, tinavota, tinavina, koma ntchito yokhazikika inatha. Ankatilemba mvula ikagwa, tiyi akaphukira, chilimwe chikafika n'kutiuza kuti tikadikire kunyumba. Ukwati wanga unathera m'chilimwe chotero. Mkaziyo anamanga katundu wake n'kubwerera kwawo, ndipo sindinamuletse, chifukwa ndikanamuletsa ndikanamudyetsa chiyani?

Amayi nthawi imeneyo anali atasiya ntchito ya pa esiteti. Ankakhala kumudzi, pakamunda kathu ka nandolo ndi chinangwa, pamodzi ndi achemwali anga aakulu, a Esinala, ndi ana awo. Tsiku lonyamuka amayi anandisenzera chikwama mpaka pa siteji ya minibasi. Ndinawauza kuti anthu andiseka, mwamuna wamkulu kusenzetsa kholo lake.

"Akuseke," anatero. "Kumene ukupitako kulibe amene akakusenzere."

Sanalire. Minibasi itanyamuka ndinawaona akubwerera, akuyenda mwachangu osacheuka.

Za m'njira sindikumbukira zambiri. Ndimakumbukira kutentha kwa ku Tete, miyendo yotupa, ndi mantha pachipata chilichonse pamene wapolisi ankatembenuza pasipoti yanga ngati akufunamo nsabwe. Ku Joni ndinafikira m'chipinda cha anyamata akwathu, momwe tinkagona mopanikizana moti wina akatembenuka tonse tinkatembenuka. Ndinakumba ngalande, ndinatsuka magalimoto, ndinatchetcha kapinga panyumba ina pomwe galu anandiluma pantchafu, mwini wake n'kufunsa kaye ngati galuyo sanavulale. Kuzizira kwa kumeneko n'kosiyana ndi chiperoni cha kwathu. Chiperoni chimanyowetsa, koma kuja kumang'amba milomo.

Amene ananditola anali a Namanya. Ndinakumana nawo pamalo okwerera matakisi, masana dzuwa lili pamutu. Bambo wina wa imvi anali atanyamula thumba la malalanje, thumbalo n'kuphulika, malalanje n'kumwazikira mumsewu. Bamboyo anatukwana m'Chilomwe, kutukwana kwenikweni kumene ndinakumva komaliza kwa agogo anga aamuna mbuzi zitawadyera mbewu. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinawathandiza kutola malalanjewo, ndipo powapatsa ndinati, "Mosheliwa," chifukwa ndi moni yekhayo wa Chilomwe amene anali atanditsalira m'kamwa.

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Dzuwa lili pamutu, iwe ukundipatsa moni wa m'mawa? Ndiwe wa kuti?"

"Wa ku Limbuli."

"Ndiye ndiwe mphwanga. Ine ndi wa ku Milanje, tsidya la Muloza. Phiri lathu ndi limodzi, timangoliona mbali zosiyana."

Anathawa nkhondo ya kwawo ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Ananditengera kukachipinda kawo ka malata kumalokeshoni, ndipo patapita nthawi anandilankhulira kwa kapitawo wa kampani yoyeretsa imene inkagwira ntchito pa yunivesite ina. Za mapepala anga kapitawoyo sanafunse kwambiri nthawi imeneyo.

Ndinkayesa kuti ndikukasesa m'maofesi. M'malo mwake a Namanya ananditengera kunyumba ina yopanda mawindo, kuseri kwa nyumba zophunziriramo. Tinavala maovolosi oyera, magolovesi, tizipewa ndi zotseka pakamwa. Atatsegula chitseko chamkati, fungo la utuchi ndi mkodzo linandimenya m'mphuno. M'mashelefu, kuyambira pansi mpaka pamwamba, munali timakola ta pulasitiki, ndipo m'kakhola kalikonse munali makoswe. Oyera mbee, onenepa, a maso ofiira.

Ndinabwerera chambuyo. "Achimwene, kwathu khoswe timamutchera msampha. Kuno ali ndi wantchito?"

"Wantchito wakeyo ndiwe," anatero a Namanya. "Gwira burashi."

Ntchito yake inali kuchotsa utuchi wonyowa, kutsuka makola, kudzaza mabotolo a madzi ndi kuika chakudya. Makoswewo ankakhala bwino kuposa ife. M'chipinda mwawo simunkazizira, simunkatentha. Magetsi ankayaka okha ndi kuzima okha. Wina akangoyetsemula ankamuitanira dokotala wa ziweto. Madzulo a tsiku loyambalo, tikudya buledi ndi tiyi, a Namanya anandiuza chinthu chimodzi.

"Mphwanga, kumudzi usakanene ntchito imene timagwirayi. Akakufunsa uziti umasesa m'maofesi. Ine anthu a kwathu ndimawadziwa."

Ndinaseka, koma ndinatsatira.

Ophunzira ankabwera ndi kupita, ambiri osatiyang'ana n'komwe. Mmodzi yekha ndiye ankapereka moni, mtsikana wa komweko dzina lake Thandeka, amene ankachita maphunziro apamwamba a za mankhwala. Chipinda chake cha makoswe anandipatsa ine kuti ndizichisamala. M'mawa uliwonse ankabwera ndi thireyi ya majakisoni. Ankatulutsa khoswe, kumuyeza kulemera, kumubaya pakhungu la pamsana, kenako kumuika m'bokosi loonekera mkati n'kukhala pansi kumuyang'anitsitsa. Ine ntchito yanga inali kumubweretsera makola ndi kuwabweza.

Masiku oyamba panalibe zambiri zoona. Khoswe akabayidwa ankangofooka, kugona chamimba, kupumira m'mwamba, kenako n'kudzuka kumanunkhiza m'makona ngati palibe chachitika. Koma patapita masiku, m'mawa wina ndinaona mchira wa khoswe wina ukudzuka pang'ono n'kuyamba kunjenjemera. Kunjenjemerako kunayambira patsinde n'kutsetserekera kunsonga, mchira wonse n'kumagunda pansi pa bokosi ngati chala cha munthu wosakhazikika. Thandeka anadumpha pampando. Patangopita kanthawi mchira unatsika, khoswe n'kuyamba kudzinyambita.

Mawa lake zinachitikanso, ndipo mwamphamvu kuposa dzulo. Makoswe ena nawo anayamba. Mlingo wa mankhwala unali womwewo tsiku ndi tsiku, koma michira inkanjenjemera mochulukira. Amene ankabayidwa madzi amchere okha, michira yawo inali zii.

Ndinapirira mpaka ndinalephera. Ndi Chingerezi changa cha kusekondale yosamaliza ndinamufunsa kuti m'jakisonimo munali chiyani.

"Nikotini," anatero. "Chimene chimakhala mu fodya."

Chikonga. Chomwe chija chimadetsa mano a anthu osuta, chimene chimamata m'manja mwa othyola fodya. Ndinamufunsa kuti nanga chikonga chobayidwa pamsana chikagwedeze bwanji mchira. Anati mchira sukudzigwedeza wokha, ukulamulidwa kuchokera kumutu. Anatenga choko n'kujambula pabolodi timizere tokhala ngati mizu.

"Ubongo ndi mitsempha yambirimbiri, yopyapyala, imene siigundana," anatero. "Mtsempha wina ukafuna kuuza unzake uthenga umadontheza timadzi, unzakewo n'kutilandira pakachitseko kake. Chikonga chimafanana ndi mtundu wina wa timadzi timeneti, ndiye chikafika chimatsegula zitseko zosakhala zake. Zikatseguka, timadzi tinanso timakhuthuka nthawi yosayenera, uthenga wopita kuminofu n'kusokonekera."

Anatchula mayina a timadzito. Awiri ndi amene ananditsalira m'mutu, dopamini ndi noradirenalini. Chimene iye ankafuna kudziwa chinali chakuti ndi timadzi titi timene tinkagwedeza mchirawo, ndiponso chifukwa chimene ubongo, m'malo mozolowera chikonga, unkanka nufulumira kuchimvera. Choncho anayamba kuwabaya mankhwala ena kaye, chikonga n'kubwera pambuyo. Panali mankhwala otseka zitseko zija. Khoswe akalandira amenewo mchira sunkagwedezeka ngakhale pang'ono. Panali ena ofanana ndi amene amapatsa anthu odwala kuthamanga kwa magazi, ndipo amenewo ankachepetsa kunjenjemera. Ena sankachita chilichonse, ndipo masiku oterowo Thandeka ankatuluka nkhope ili yakugwa.

Ndinakawafotokozera a Namanya kuseri kwa nyumbayo, kumene ankabisala nthawi yopuma kuti asute ndudu yawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, anakoka utsi wambiri n'kuutulutsira m'mphuno.

"Ine mchira ndilibe," anatero.

Chimene sindinachizolowere ndi mathero ake. Kafukufuku akafika kumapeto makoswe onse ankaphedwa. Ankawagonetsa kaye, kenako ankawatsegula mutu n'kuchotsa ubongo, kanthu kotuwa kosaposa nyemba ya kalongonda, n'kukaika pa ayezi kuti akayeze timadzi tija. Mitembo yake ankaiika m'matumba achikasu, ndipo wonyamula matumbawo kupita nawo kufiriji ndinali ine. Ankakhala adakali ofunda. Panali khoswe wina wa khutu long'ambika amene ndikatsegula khola ankakwera yekha m'dzanja langa n'kumanunkhiza golovesi. Tsiku lake litafika ndinamupereka ndi manja angawa. Ine amene kumudzi ndinkapha makoswe ndi mpini osaganizako kawiri, tsiku limenelo buledi anandikanika kumeza. M'mawa mwake kunabwera mabokosi a makoswe atsopano, ndipo tinayambiranso.

Zaka zinapita chotero. Panali nyengo zina pamene eni dziko ankatopa nafe, n'kumayenda khomo ndi khomo kufuna alendo. Lamulungu lina masana anafika pakhomo pathu atanyamula zibonga. A Namanya, amene ankalankhula zilankhulo za kumeneko ngati obadwira konko, anaima pachitseko n'kuyamba kucheza nawo. Atandiloza ine, iwo anati ndine mwana wa mlongo wawo, wosamva ndi wosalankhula chibadwire. Mmodzi anabwera n'kundikuwira m'khutu. Ndinangoyang'ana khoma. Atachoka, a Namanya anakhala pansi n'kuyesa kuyatsa ndudu, koma machesi ankangothyoka.

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi. A Esinala ndiwo ankayang'anira zonse. Anaumbitsa njerwa, anaotcha, anagula malata, ndipo inaima nyumba ya zipinda zingapo, ya simenti pansi. Amayi analowamo. Pafoni ankandiuza kuti mvula ikamagwa padenga sagona chifukwa cha phokoso, koma ndinkamva m'mawu mwawo kuti akunyada. A Esinala anandiuzapo kamodzi, moseka, kuti anthu akufunsa kuti kodi kusesa kwa ku Joni n'kotani komangitsa nyumba yotere. Nanenso ndinaseka.

Kenako tsiku lina anaimba ndi mawu ena. Anati dzanja lamanja la amayi layamba kunjenjemera. Poyamba ankati ndi kutopa, koma tsopano silikusiya. Akakhala chete pamkeka, dzanja lili pamwendo, limangogwedezeka lokha. Kuyendanso ayamba kukoka miyendo.

Maganizo anga anathamangira ku fodya. Amayi ankaika fodya wopera kunsi kwa mlomo kuyambira ali mtsikana, kabotolo kake sikankachoka pamfundo ya chitenje. Ndinati basi, chikonga chija chawapeza. M'mawa mwake ndinadikira kuti Thandeka amalize kubaya, kenako ndinamuuza. Anavula magolovesi n'kundifunsa mafunso. Kodi kunjenjemerako kumabwera akangoika fodya, kapena kumakhalapo nthawi zonse? Ndi dzanja limodzi kapena onse? Nanga akagwira chinthu kumachepa?

Nditayankha anapukusa mutu. Anati iye si dokotala wa anthu, koma zimene ndikunenazo sizikufanana ndi za makoswe ake. Za makoswe zimabwera chikonga chikalowa, n'kutha chikachepa m'magazi. Za amayi zikumveka ngati matenda ena a anthu achikulire, pamene mitsempha yopanga dopamini imafa pang'onopang'ono mkati mwa ubongo. Anati mwina si fodya n'komwe. Anati achemwali apite nawo kuchipatala, mankhwala ochepetsa alipo, ngakhale kuti ochiziratu palibe.

Ndinatuluka m'chipindamo mtima utapepuka. Ndinali nditamva gwero la chinthucho, ndinali ndi chochita. Titaweruka ndinaimbira a Esinala ndili m'kachipinda kathu, a Namanya akusenda mbatata pakhomo. Ndinawauza zonse mwachangu, za mitsempha, za timadzi, za chipatala.

"Koma achimwene," anatero a Esinala, "zimenezi mukuzidziwa bwanji inu osesa m'maofesi?"

Ndinkafuna kuti andikhulupirire, kuti asachedwe nawo amayi. Ndiye ndinati, "Achemwali, ine ndimaziona ndi maso tsiku ndi tsiku. Kuntchito kwathu timasunga makoswe. Timawabaya mankhwala, amanjenjemera, kenako timawachotsa ubongo kuti tione chimene chachitika."



"Mwati makoswe?"

"Ee, koma si a m'nkhokwe ayi. Ndi oweta, oyera, a maso ofiira."

"Ndiye mumawanjenjemeretsa ndinu?"

"Si ine ndimabaya, ine ndimangowasamala. Mvetsani, achemwali."

"Ndamva," anatero, foni n'kuduka.

Nditacheuka, a Namanya anali atasiya kusenda. Mpeni unali m'dzanja, mbatata ili pansi.

"Mphwanga," anatero, "wadziwotcha."

Kuyambira pamenepo foni ya a Esinala inkangoitana. Akayankha ankati amayi agona, kapena apita kumunda, ngakhale ndinkadziwa kuti kumunda sangafike. Zimene ndinatumiza mwezi umenewo sanakazitenge. Ndinkagwira ntchito mutu uli kumudzi. Thandeka anamaliza maphunziro ake n'kuchoka, ndipo pasanapite nthawi kampani yathu inalowedwa m'malo ndi ina imene inafuna mapepala a aliyense. Anga anali atatha kalekale. Sindinadandaule kwambiri, chifukwa mtima unali utanyamuka kale. A Namanya anandiperekeza kudepoti atanyamula bulangete latsopano, loti ndikawapatse amayi. Anandiuza kuti ndikaliyang'anire phiri mbali yawonso. Sindinawaonenso.

Ndinatsika pa Limbuli masana, n'kukwera kabaza mpaka kumudzi. Nyumba ija ndinaizindikira patali chifukwa cha malata. Nditafika pafupi ndinapeza chitseko chili ndi loko, udzu utamera mpaka pamasitepe, pakhonde pali zitosi za mbuzi. Ana amene ankasewera pabwalo ataniona sanandithamangire. Mayi wina woyandikana nafe anatuluka n'kukoka mwana wake padzanja.

A Esinala anatulukira kuseri kwa kanyumba kakale ka udzu. Anaima patali, manja atawapinda m'chitenje.

"Mwafika, achimwene."

"Ndafika. Amayi ali kuti? Nanga nyumbayi mwatsekeranji?"

"Amayi ali muno. Tinawachotsamo mmo."

Ndinawerama n'kulowa. Amayi anali pamkeka atatsamira khoma. Anali atachepa. Nkhope yawo, imene kale inkaseka ndi kukalipa nthawi imodzi, inali itauma ngati ya munthu amene akumvetsera chinthu chakutali. Dzanja lamanja linali pamwendo, chala chachikulu chikupukusana ndi chinzake ngati akusankha nyemba zosaoneka. Lamanzere nalo linali litayamba. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anandiyankha ndi mawu otsika kwambiri moti ndinachita kusendeza khutu.

"Wabwera," anatero. "Wawonda."

Nkhani yonse ndinaimva madzulo amenewo, a Esinala atakhala mbali ina ya bwalo, ine mbali ina. Atadula foni tsiku lija anakafotokozera amalume. Amalume anawatengera achemwaliwo kwa munthu wina woona zobisika, kutsidya kwa mtsinje. Munthuyo atamva zonse ananena kuti zaonekeratu: mwana wamwamuna akuweta tizilombo toyera kutali, akamatigwedeza kumeneko, kholo lake likugwedezeka kuno, ndipo chuma chikulowa. Anati nyumba ya malatayo ndiyo msampha wake, amayi achokemo.

"Achemwali, munthuyo munamuuza nokha za makoswe. Anangokubwezerani mawu anu omwe."

"Nanga za makoswezo anandiuza ndani? Si inu nomwe? Zaka zonsezi munkati mumasesa. Munkabisiranji?"

Ndinafotokoza za yunivesite, za ophunzira, za chikonga. Ndikamafotokoza kwambiri m'pamenenso nkhope yawo inkauma. Anandifunsa kuti ndi sukulu yanji imene imalemba munthu wamkulu ntchito yodyetsa makoswe. Anandifunsa kuti ubongowo tikauchotsa timapita nawo kuti. Chakudya anandiikira pandekha, m'mbale imene pambuyo pake ndinaiona ili payokha pathandala. Bulangete la a Namanya analipinda n'kuliika pakhonde la nyumba yotsekedwayo. Ndinathyola loko n'kumagona m'menemo ndekha.

Amayi ndinawatengera kuchipatala mokakamiza. A Esinala sanakane, koma sanandithandize. Ndinawabereka amayi mpaka pamsewu, tinakwera minibasi mpaka ku boma. Dokotala anawayendetsa m'chipinda, anawapinda mkono, anawauza kuti agwire mphuno ndi chala. Ananena zomwe zija ananena Thandeka, pafupifupi mawu omwewo. Anati si fodya, si munthu, ndi matenda amene amagwira okalamba ena kulikonse padziko. Ndinamupempha kuti abwereze pang'onopang'ono kuti amayi amve. Anabwereza. Amayi anangogwedeza mutu. Mankhwalawo pachipatalapo panalibe, ndinakawapeza kusitolo ya mankhwala ku Blantyre.

Ndipo anagwira ntchito. Patapita masiku dzanja linayamba kudekha. Amayi anayamba kumwa okha tiyi osataya. Tsiku lina anadzuka okha n'kuyenda mpaka pamtengo wa mapeyala, n'kukalipira mdzukulu wawo chifukwa chosiya nkhuku zikudya nandolo woyanika. Nditamva mawu okalipawo ndinatuluka m'nyumba ndikuseka. Ndinati tsopano aona.

Madzulo ake ndinamva a Esinala akuuza amalume kuseri kwa bafa. "Mwaona? Wangofika, wabweretsa timapiritsi take, dzanja lasiya. Akudziwa pamene anamanga."

Ndinaima pomwepo ndi ndowa m'manja. Amayi akadwala, ndine. Akachira, ndinenso. Panalibe khomo lotulukira.

Ndinakhalabe. Ndinkapita kukagula mankhwala, ndinkawamwetsa nthawi yake, ndinkalima kamunda kaja. Anthu ankandipatsa moni wa pakamwa, dzanja ayi. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inkatsala ndi malo. Ana a achemwali, amene sukulu yawo inkayenda ndi thukuta langa, ankadutsa kumbali akandiona panjira. Wamng'ono kwambiri anadwalapo malungo, ndipo kwa masiku amenewo palibe anandilankhula mpaka anachira.

Mankhwala aja mphamvu yake inayamba kuchepa, monga mmene dokotala anachenjezera. Nthawi yozizira itafika amayi anagwidwa chifuwa. Anasiya kudzuka. Kumeza kunayamba kuvuta, ndipo phala ndinkawamwetsa ndine ndi supuni yaing'ono, chifukwa a Esinala ankakhala kumunda ndi kumsika.

Tsiku lina masana, chiperoni chitaphimba phiri lonse, ndinali nditangomaliza kuwamwetsa. Ndinkapukuta pakamwa pawo pamene anandigwira malaya. Anandikokera pafupi.

"Mwana wanga," anatero, "ndikufuna ndikuuze mawu."

"Ndikumva, amayi."

"Za adokotala ndinamva. Za anthu ndinamvanso. Ine sukulu sindinapite, sindidziwa zoona ndi ziti."

"Amayi, inu mukundidziwa. Munandibala ndinu."

"Ndinakubala, ee. Koma kumene unapitako sindinafikeko." Anapuma kwa kanthawi, chifuwa chikulira. "Ngati ndi iwe, ine ndakukhululukira. Unavutika, ndikudziwa. Umphawi umachititsa zinthu. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Zithere pa ine. Ana a mlongo wako usawakhudze."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambenso, za mitsempha, za timadzi, za mtsikana wa choko uja. Koma ndinawayang'ana m'maso. Munalibe mkwiyo. Munali mantha, mantha a munthu amene akudziwa kuti akupita ndipo akusiya ana pabwalo popanda wowatchinga. Ndinazindikira kuti akhala akugona ndi mantha amenewa miyezi yonseyi, ine ndikuwamwetsa phala. Ndikanati si ine, akanangogwedeza mutu ngati kuchipatala kuja, n'kupita nawo mantha awo.

"Lonjeza," anatero.

"Zithera pa inu, amayi," ndinatero. "Anawo palibe chidzawachitikire. Ndalonjeza."

Anandisiya malaya. Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika, ndipo posakhalitsa anagona tulo tabwino timene sindinawaonepo nato chibwerere.

Nditacheuka, a Esinala anali pakhomo ndi beseni la madzi m'manja. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Sanakuwe, sanatukwane. Anaika beseni pansi mosamala, madzi osatayika, anatuluka, ndipo ndinawamva akuitana ana awo mayina mmodzimmodzi kuti achoke pabwalo.

Amayi anamwalira sabata yomweyo. Pamaliro amalume anandiuza kuti kumanda ndisafike, ndipo sindinalimbane nawo. Ndinaima pamsewu mpaka nyimbo zinasiya kumveka.

Lero ndimakhala ku Chonde, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika, ndimakonza njinga. Kumudzi sindipitako, koma nkhani zimandipeza ndi anthu a kabaza. Ana a achemwali akula onse. Wamkulu ali pabanja, wina akuphunzitsa, wamng'ono uja wa malungo ndi wamtali kundiposa. Palibe amene akudwala. Ndipo kumudzi amati n'chifukwa chakuti ndinasunga lonjezo.